Alamu Anga Opanga Mano

Alamu anga a Layisoni sankayang'ana munthu m'maso. Ukamawapatsa moni, iwo maso ali pakamwa pako, ndipo ukamafika pofunsa za ana kunyumba amakhala atawerenga kale mano ako onse akutsogolo, ataonanso lomwe linabenthuka. Alendo ankaganiza kuti mwina mkuluyu ndi wogontha, akuwerenga milomo. Ife a pa ploti tinangozolowera.

Mwezi uno takwanitsa chaka chiwaikire m'manda, ndipo Loweruka lapitali tinali kwawo ku Thyolo kovundukula chiliza. Pobwerera, tili m'basi, achemwali anga amake Tiya, omwe ndi akazi awo, anandigwira pa bondo n'kunena kuti, "Esinati, nkhani ija ukhoza kuinena tsopano. Ndakalamba ine, andiseke amene akufuna." Ndiye ndikuinena, ndisanaiwale ndiponso iwo asanasinthe maganizo.

Ntchito ya alamu inali yopanga mano. Osati kuzula, ayi. Ukawatchula kuti adokotala ankakana msanga, amati m'kamwa mwa munthu amalowamo ndi dokotala, iwo ndi woumba chabe. Anaphunzira ku Bulawayo, komwe anapita ali mnyamata n'kuyamba ntchito yosesa pamalo ena opangira mano. Anasesa zaka zitatu maso ali pa manja a anzawo, mpaka tsiku lina anapatsidwa mpando. Pobwerera kuno anzawo ankabwera ndi njinga ndi mawailesi, koma iwo anabwera atanyamula kang'anjo kamagetsi kosaposa ndowa. Anakaika m'kachipinda kuseri kwa nyumba yawo ku Kawale, pa ploti pomwe nanenso ndakhala chimwalirire mwamuna wanga.

Madokotala a mano awiri atatu a m'tauni ankawatumizira ntchito. Ankapanga mano ovula a okalamba, ankapanganso dzino limodzi lolowa m'malo mwa lozulidwa. Koma chomwe ankanyadira nacho chinali timano topyapyala tomata pamwamba pa mano enieni akutsogolo, akakhala othimbirira kapena obenthuka. Dokotala amapala dzino pang'ono chabe n'kumatapo kameneka. Madokotalawo ankati mavineya, alamu ankangoti zikhadabo, poti ndi mmene timaonekera. Ankatiumba ndi ufa wa dongo loyera, mtundu womwe amapangira makapu osweka aja timasungira alendo. Ankaunyowetsa, kupaka ndi kaburashi, kuwotcha, kupakanso, kuwotchanso, dzino limodzi mpaka dzuwa kupendeka. Magetsi akathima ntchito ili m'ng'anjo, ankatuluka panja, kuyang'ana mawaya n'kuyamba kulankhula Chindebele. Achemwali ankati ndi mwayi kuti pa ploti panalibe womva, chifukwa munthuyu anali mkulu wa mpingo.

Mawu awo anali amodzimodzi chaka ndi chaka, mpaka tinawaloweza. Ankati mano opangidwa bwino ndi amene anthu sawaona. Anthu akaona mano, ntchito yalakwika, chifukwa ayenera kuona munthu akuseka basi. Ankati dzino silikhala mtundu umodzi: cha ku usinini limachita chikasu, kunsonga limayera mopyapyala, ndipo mano akuthwa a m'mbali amakhala oderako kuposa anzawo. Ankatinso munthu amene wamwa tiyi zaka makumi asanu, mano ake azivomereza kuti tiyiyo anamwadi.

Posankha mtundu wa dzino ndiye panali mwambo. Ankafuna mwini kamwa abwere yekha cha m'ma teni koloko m'mawa, akhale pakhonde, pamthunzi. Pansi pa babu ankakana, amati babu ndi labodza. Amayi odzola milomo ankapatsidwa kansalu kuti apukute, ndipo wovala zofiira kwambiri ankafunditsidwa nsalu yotuwa ngati ali kometetsa. Kenako alamu ankatulutsa mpukutu wa timano toyesera, tomangidwa pamodzi ngati makiyi, kuika kamodzi pafupi ndi kamwa, kuyang'ana pang'ono, n'kukweza maso kumwamba kuti diso lipume. Ndinaona mabwana a ku Area 10 ataimika magalimoto m'matope a kwathu, atakhala pa kampando ka thabwa, ali "iii" ngati ana a sukulu ya mkaka. Kukachita mitambo yakuda ankawabweza kuti abwere mawa. Wina akadandaula, ankangomuuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mdani wawo wamkulu, yemwenso anali mnzawo wa pamtima, anali a Dausi, mwini maminibasi atatu. Ankasewera limodzi bawo Lamlungu lililonse masana. Chaka china a Dausi anapita ku Joni kukagula zipangizo za galimoto, n'kubwerako ndi mano atsopano, oyera mbee ngati sinki ya m'sitolo, ofanana onse kutalika kwake. Sabata isanathe ana a m'njira mwathu anali atawapatsa kale dzina loti Mahedilaiti.

"Mwaziona zinthu zakunja, mdala?" anatero a Dausi akukhala pa bawo. "Osati zanu zachikasu zija."

"Ndaziona, achimwene," anayankha alamu. "Koma mukamafuna kuseka muziyamba mwaimba bele. Ena tili ndi maso odwala."

Anatha miyezi iwiri osalankhulana. Anayanjana chifukwa ku Kawale konse kunalibe wina wodziwa bawo wofanana nawo. A Dausi sanasinthe mano awo, mpaka lero akuwala nawo, ndipo kunena zoona amakondwa nawo kwambiri.

Tsono chodabwitsa chinali chakuti m'nyumba mwa opanga mano munali munthu amene sankaonetsa mano. Kwathu ndi cha ku Nathenje, ndipo madzi a pachitsime cha m'mudzi mwathu amathimbiritsa mano a ana. Amasiya mabala ofiirira ngati dzimbiri, osachoka ngakhale utsuke ndi phulusa. Ine ndinapulumuka chifukwa azakhali ananditengera ku Dedza nditangosiya kuyamwa, koma achemwali anakulira pomwepo. Kumudzi sichinali chinthu, poti aliyense anali choncho. Atangofika m'tauni ali mtsikana wongokwatiwa kumene, mayi wina pa mpopi anawafunsa pagulu ngati amadya fodya. Kuyambira tsiku limenelo dzanja lawo linaphunzira njira ya kukamwa.

Zinkandipweteka, chifukwa achemwali ndi munthu wokonda kuseka. Kanthu kakang'ono amaseka mpaka misozi, koma nthawi zonse kuseri kwa dzanja, kapena kwa nsonga ya chitenje. Ku tchalitchi ankaimba atabisala kuseri kwa buku la nyimbo. Pa zithunzi zonse za m'nyumba muja ali ndwii, ngati wina wawalanda malo pa msika. Alamu anawapempha kambirimbiri kuti awakonze, iwo n'kumakana. Ankati mkazi wa opanga mano akangoyera m'kamwa, ndani sangadziwe kuti ndi ogula? Ankati kuli bwino kubisa mano ako kusiyana n'kupatsidwa dzina ndi ana ngati a Dausi.

Zinafika povuta chaka chomwe Tiyamike, mwana wawo mmodzi yekha wamkazi, ankakwatiwa. Inali nthawi ija mafoni am'manja atayamba kupezeka ndi ogulitsa tomato omwe, ndipo ukwati wopanda vidiyo sunkawerengedwa. Tiya atanena kuti kukhala wojambula, mawa lake achemwali anandiitanira kukhitchini.

"Esinati, kutsogolo ukakhale ndiwe, pafupi ndi alamu ako. Ine ndikakhala ku mapoto."

"Mwana ndi wanu kapena wanga?"

"Ndi wako yemwe. Kamera ija amakuika pamphuno penipeni. Kaseti ikazungulira nyumba zonse za kuchimuna, anthu azikaimitsa n'kumandiloza."

Tiya atamva analira tsiku lonse. Ine ndinapsa mtima, koma kuwauza achemwali chinthu atatsimikiza kale n'kungotaya malovu. Panali patatsala miyezi itatu, ndipo zinkaoneka kuti mwanayu akwatiwadi amayi ake ali kuseri kwa holo akuvundula nyemba.

Ndi pamene alamu anayamba kundiitana kuseri kwa nyumba. M'mawa uliwonse achemwali akangopita ku msika kogulitsa masamba, ndinkamva, "Alamu, tabwerani kuno ndi kamwa lanu." Ankandikhazika pa kampando kaja, kundigwira chibwano, kunditembenuzira uku ndi uku, n'kumajambula dzino lililonse pa pepala ndi pensulo. Nditafunsa, anandiuza cholinga chawo n'kundilumbiritsa kuti ndisanene. Tinaiwala chinthu chimodzi chokha, kuti pa ploti panali amake Fatsani.

Amake Fatsani ankachita lendi chipinda chakumapeto. Mayi ameneyo ankadziwa kuti mwaphika nyama musanatsegule n'komwe pepala, ankadziwanso mimba mwini wake asanadziwe. Tsiku lachisanu anali atawatsina kale khutu achemwali kuti iwo akachoka, amuna awo amakhala kuseri akusisita chibwano cha mng'ono wawo.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi achemwali anabwerera panjira, dengu la mpiru lili pamutu. Anatipeza ine nditayasamula, alamu atandigwira chibwano.

"Pitirizani," anatero. "Musaleke chifukwa cha ine."

Alamu sanatekeseke n'komwe.

"Mwabwera nthawi yabwino, amake Tiya. Kunja kwawala bwino lero. Takhalani apa."

"Ndikhale? Ploti yonse ikundiseka, inu mukuti ndikhale? Pa akazi onse a mu Lilongwe muno mwaona mwana wa mayi anga?"

Alamu analowa m'kachipinda kaja n'kutuluka ndi sosala. Pa sosalapo panali timano tisanu ndi kamodzi, atatindandalika monga timakhalira m'kamwa.

"Awa si a Esinati," anatero. "Esinati ndangomubwereka. Awa ndi anu, amene madzi a pachitsime anakulandani muli mwana. Ndimafuna ndione kuti akanakhala otani."

Achemwali anatula dengu pansi. Anatola kamodzi n'kukaika pa chala, kukayang'ana nthawi yaitali. Sikanali koyera ngati a a Dausi. Kanali ngati mkaka wothira tiyi pang'ono, ndipo awiri apakati anali atasiyana kampata, kofanana ndi ka malemu amayi athu.

"Ili lapendekeka," anatero achemwali, mawu atatsika.

"La Esinati n'lopendekeka. La amayi anu pa chithunzi chija n'lopendekeka. Lanunso n'lopendekeka, ndimaliona mukagona. Ndiliwongole kuti mukhale mwana wa yani?"

Apo achemwali anaseka, dzanja pakamwa, misozi ikutsika. Anavomera, koma ndi lamulo. Pasapezeke munthu wodziwa, ndipo amake Fatsani akangozindikira, iwo abwerera ku mapoto. Lamulo limeneli linandipweteketsa ine, chifukwa sindikanatha kudziyeretsa. Miyezi iwiri yathunthu amayi a pa mpopi ankasiya nkhani ndikafika, n'kumadabwa kuti achemwali akudyabe nane mbale imodzi.

Musaganize kuti nkhondo inathera pamenepo. Munthu yemwe uja ankaopa kuonekera, atangolola, anayamba kufuna oyera kwambiri. Ankati poti walolera kukagona pa mpando wa dokotala, ayere ndithu, avutikirenji kuti atuluke ndi mano a nkhalamba. Alamu akatulutsa mpukutu wa timano toyesera, achemwali ankaloza kakumapeto kenikeni, iwo n'kumaloza kapakati. Anatha masiku atatu akulankhulana kudzera mwa ine. Pamapeto alamu anati chabwino, agonja, asunthira kamodzi cha koyera. Patapita zaka anandiululira kuti sanasunthe ngakhale pang'ono.

Kwa dokotala achemwali anapita katatu, pa ploti tikunena kuti akukayezetsa BP. Dokotalayo anapala mano, anatenga chikombole cha m'kamwa mwawo, ndipo alamu anaumba ena enieni oyenera kamwa la achemwali. Sabata imeneyo sanalandire ntchito ya munthu wina aliyense. Dzino limodzi analibwereza kanayi, ati linkawala ngati mbale. Atawamata, kutatsala masiku asanu ndi atatu kuti ukwati uchitike, panabwera malamulo: osatsegula botolo ndi mano, osaluma chimanga chokazinga ndi akutsogolo, osasenda nzimbe ndi kamwa. Za nzimbezo achemwali anadandaula kwambiri, alamu n'kuwauza kuti walira mvula walira matope. Koma kuyambira pamenepo mpaka maso awo atayamba kufooka, alamu ankawasendera okha nzimbe ndi mpeni n'kuwadulira timapisi m'mbale.

Vuto linatsala limodzi. Mano anasintha koma dzanja silinamve. Zaka makumi atatu ndi zisanu si masewera, achemwali akangoti aseke, dzanja linali litafika kale. Sabata yonseyo ngakhale ife a m'nyumba tinawaona manowo mwa apo ndi apo. Pa tsiku la ukwati anakhaladi kutsogolo, Tiya anasangalala, koma m'tchalitchi monse anali atatseka pakamwa ngati asunga madzi.

Ku holo, nthawi ya perekaniperekani, woyendetsa mwambo anaitana amayi a mkwatibwi kuti aime pakati anthu awafupe. Mwa mwambo wake ankayenera kuwapatsa lichero. Ndinaona alamu akunong'oneza mnyamata wa mwamboyo, ndipo lichero lomwe linabwera linali lalikulu lopetera chimanga, losagwirika ndi dzanja limodzi. Achemwali anaima pakati pa holo manja onse awiri ali pa lichero, wojambula ali patsogolo pawo. Nyimbo itayamba, woyamba kunyamuka anali a Dausi. Anabwera akuvina chobwerera m'mbuyo, mimba ikugwedezeka, ndipo atafika pafupi anatembenuka n'kuwayatsira achemwali mano onse.

Achemwali anayesa kudzigwira. Ndinaona mapewa akugwedezeka, ndinaona dzanja lamanja likufuna kusiya lichero, lichero n'kupendekeka, iwo n'kuligwiranso. Kenako anaphulika chikhakhali, mutu chagada, kamwa lonse poyera, pamaso pa anthu odzaza holo.

Pa mzere wa ovina ndinaona amake Fatsani akuyandikira. Atafika anaima, n'kuwayang'anitsitsa achemwali kumaso. Ndinati basi, zathera pano.

"Koma amake Tiya, mwadzola chiyani lero?" anakuwa kuti amveke pa nyimbo. "Mwabwereratu ku utsikana! Kapena ndi dukuli? Munagula kuti?"

Ndinayang'ana kumene kunakhala alamu. Anali akupukuta magalasi awo ndi tayi, pang'onopang'ono, ngati sizikuwakhudza.

M'mawa mwake achemwali anadzuka atakwiya. Anati ayasamula kwa dokotala katatu, asiya nzimbe, koma pa anthu onse aja palibe ngakhale mmodzi amene wati mano anu ndi okongola. Onse duku, duku. Alamu anaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi, ndipo anati chiyambire ntchito ku Bulawayo sanayamikiridwepo chotero. Kaseti ya ukwati itabwera ankaionera pafupifupi tsiku lililonse, osati polumbira mwana wawo, koma pa lichero paja. Ankabweza, kuonera, kubwezanso, mpaka pamalopo panayamba kuchita mizere. Ankanamizira kuti akuona ngati dzino lakumanzere linakhala bwino. Bodza. Ine ndinali pomwepo, ndipo ndinaona kuti akuyang'ana nkhope yonse ya mkazi wawo. Ndinawakonda kwambiri alamu anga chifukwa cha chimenechi.

Zaka zawo zomaliza matenda a shuga anawafooketsa maso. Anasiya okha ntchito, ati sangaumbe mtundu womwe sakuuona, ngakhale madokotala ankawachonderera. Anadwala milungu itatu yokha n'kutisiya, mwakachetechete, achemwali atawagwira dzanja.

Kachipinda kaja kakadalipo. Ng'anjo anadzaitenga dokotala wina, patebulo panangotsala chizindikiro chake chozungulira ndi maburashi ouma m'kachitini. Kukhoma kuli mashelefu atatu, pomwe alamu ankasungira zikombole zoyera za m'kamwa mwa aliyense amene anamupangirapo mano, dzina la mwini litalembedwa kunsi ndi pensulo. Ife sitinkazigwira, ndipo sitinkadziwa kuti ndi za yani.

Maliro atatha anthu anayamba kubwera mmodzimmodzi, ngati odzapepesa. Amakhala pakhonde, kukamba za mvula, kenako n'kutsitsa mawu: "Kodi m'kachipinda muja mudzachotsamo liti? Muli kanthu kanga." Ankaopa kuti tikadzasesa, ana adzatola n'kumawerenga mayina pamsewu. Ndi pamene tinadziwa kuti ena aja ankabwera m'mawa ati ndi nkhani za mpingo, sizinali za mpingo. Kunabwera aphunzitsi a pa sukulu yathu, telala wa pa msika, ngakhale bambo wina amene ndakhala ndikugula nyama kwa iye zaka khumi. Onsewa takhala tikuseka nawo osaona kanthu.

Mwezi wathawu kunabwera amayi otsogolera nyimbo ku tchalitchi kwathu, amene tonse timasirira kumwetulira kwawo. Anapeza chikombole chawo, anachikulunga m'chitenje mwamanyazi, ndipo potuluka anaima pakhomo n'kuwayang'ana achemwali.

"Inu ndiye muli ndi mwayi, amake Tiya. Kukwatiwa ndi opanga mano, koma anu ndi obadwa nawo."

"Zikomo," anatero achemwali, n'kuwaperekeza mpaka pa msewu.

Atabwerako analowa m'kachipinda muja n'kutseka chitseko, ndipo ndinawasiya okha. Mashelefu aja tsopano angotsala fumbi ndi mipata yoyera pomwe panali pakamwa pa anthu. Pa shelefu yapamwamba, pakona, patsala chikombole chimodzi, chokhala ndi dzino lopendekeka lija. Ndinachitembenuza tsiku lina posesa, ndipo kunsi kwake alamu sanalembeko dzina.